MBIRI YA KUJAMBULA ZITHUNZI NDI SEFA ZA KUWALA

1. Bokosi la Mdima

Masiku ano chithunzi si chinthu chachilendo pakati pathu. Pa chiphaso cha munthu pali chithunzi, m'nyuzipepala muli zithunzi, ndipo ngakhale mwana wamng'ono adziwa kujambula mnzake ndi lamya ya m'manja. Munthu angokhudza ndi chala, pomwepo chithunzi chatuluka. Chifukwa cha kufulumira kotere ambiri a ife sitidziwa kuti ntchito imeneyi inasautsa anthu anzeru a maiko ambiri kwa zaka zoposa 100, ndi kuti chimene chinawasautsa koposa chinali kuyesa kuwala.

Tiyambe taona mmene kamera iliri. Kamera ndi bokosi la mdima. Kutsogolo kwake kuli galasi lozungulira limene m'nkhani muno tidzalitcha diso la kamera. M'kati mwa disolo muli bowo limene likula ndi kuchepa monga kachitira kamwana ka m'diso lathu, ndipo pafupi ndi bowolo pali chitseko chaching'ono chimene chitseguka ndi kutsekeka monga chikope. Kumbuyo kwa bokosi kuli chinthu cholandira kuwala. Kale chinthu chimenechi chinali chitsulo kapena galasi lathyathyathya ngati sileti, lopakidwa mankhwala, ndipo ojambula anali kuchitcha mbale. Pambuyo pake kunabwera filimu, ndipo lero kuli kachipangizo ka magetsi.

Mbale ifuna muyeso wake wa kuwala. Kukachepa, chithunzi chituluka chakuda bii. Kukachuluka, chituluka choyera mbee, chopanda maonekedwe. Ganizani za mai amene atunga madzi pa mpopi. Akatsegula mpopi kwambiri, mtsuko udzala msanga. Akatsegula pang'ono, ayenera kuima nthawi yaitali. Koma mtsuko ndi womwewo, ndipo madzi ofunika kuudzaza ndi omwewo. Bowo la kamera lifanana ndi mpopi, ndipo nthawi imene chitseko chikhala chotsegula ifanana ndi nthawi ya kuima kwa maiyo.

Tsono maiyo akamanga kansalu kukamwa kwa mpopi kuti asefe zitsotso, madzi ayenda pang'ono-pang'ono, ndipo iye ayenera kutsegula mpopi koposa kale, kapena kudikira koposa kale. Ojambula nawonso ali ndi sefa yao, ndiyo galasi lofiira, lachikasu, lobiriwira kapena lotuwa limene aliika patsogolo pa diso la kamera. Sefa imeneyi siwonjezera kuwala ai, ingochotsako. Chimene yachotsa chikhala ngongole, ndipo wojambula ayenera kuibweza. Mbiri imene tifotokoze pano ndi ya mmene anthu anadziwira kufunika kwa sefa, ndi mmene anaphunzirira kuwerengera ngongole yake.

2. Masiku a Kudikira

Mwa zithunzi zonse zojambulidwa ndi kamera zimene ziripo mpaka lero, chakale koposa anachijambula Joseph Nicéphore Niépce, munthu wa ku France, m'chaka cha 1826 kapena 1827. Iye anapaka phula lakuda, longa la pa mseu, pa mbale ya chitsulo, naika kamera pa zenera la nyumba yake. Phulalo silinali kumva kuwala msanga, kotero kuti kamera inakhala yotsegula maola 8 kapena kupitirira apo. Pa chithunzicho dzuwa lioneka litawalira makoma a mbali zonse ziwiri, pakuti linayenda kuchokera kum'mawa kunka kumadzulo kamera iri chiyang'anire. Mbale imeneyi isungidwa ku University of Texas, ku America.

Niépce anamwalira mu 1833, ndipo mnzake Louis Daguerre anapitiriza ntchitoyo. Iye anapeza njira ya mbale ya mkuwa yokutidwa ndi siliva, imene inafupikitsa kudikira kuchoka pa maola kufika pa mphindi zingapo. Mu 1838 anajambula mseu waukulu wa mu Paris wotchedwa Boulevard du Temple. Mseuwo unali wopitamo ngolo, akavalo ndi anthu, koma pa chithunzi uoneka ngati wa m'mudzi wosiyidwa, chifukwa zoyenda zonse zinadutsa mbale isanazigwire. Wooneka bwino ndi munthu mmodzi amene anaima malo amodzi pamene wina anali kumpukutira nsapato. Pa 19 August 1839 njira ya Daguerre inaululidwa poyera mu Paris.

Anthu oyamba kujambulidwa nkhope anazunzika ndithu. Anali kukhala pa dzuwa osagwedezeka, mutu utagwidwa ndi chitsulo kunkhongo. Thandizo linachokera ku Vienna, kumene katswiri wa masamu Joseph Petzval mu 1840 anawerengera kapangidwe ka diso la kamera la bowo lalikulu, lolowetsa kuwala koposa kakhumi poyerekeza ndi maso oyamba aja. Mu 1851 Frederick Scott Archer wa ku England anatulukira njira ya mbale ya galasi yonyowa, yomva kuwala msanga, koma yofuna kuti munthu aipake mankhwala, ajambule, ndi kuitsuka isanaume. Mu 1858 John Waterhouse wa ku Halifax, ku England komweko, anapanga timalata ta mabowo a misinkhu yosiyana-siyana, tolowetsa pa kampata ka m'mbali mwa diso la kamera. Kuyambira pamenepo wojambula anatha kusankha kukula kwa bowo mosavuta, ndi kubwereza muyeso womwewo tsiku lina.

Chaka chomwecho cha 1858 ulendo wa David Livingstone unafika pa mtsinje wa Zambezi, ndipo m'katundu wao munali makamera. Charles Livingstone, mng'ono wa David, ndiye anapatsidwa ntchito yojambula ndi mbale zonyowa, koma zimene anapindula zinali zochepa. Dotolo John Kirk, amene dzina lake liri pa mapiri a Kirk Range, ndiye anapeza zithunzi zabwino, pogwiritsa ntchito mapepala onyikidwa m'phula la njuchi, amene munthu anatha kuwakonzeratu. Mapepala otere afuna kuwala kwa nthawi yaitali, ndipo zithunzi zambiri za Kirk ndi za mitengo, nyumba ndi ngalawa, zinthu zodziwa kukhala chete. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wojambula wa masiku amenewo anali kudekha tsiku ndi tsiku.

3. Thambo Lopanda Mitambo

Kudikira kutachepa, vuto lina linaonekera. Kamera sinali kuona mitundu monga liionera diso la munthu. Kuti timvetse chifukwa chake, tikumbukire utawaleza. Kuwala kwa dzuwa kuoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yonse imene tiiona pa utawaleza. Isaac Newton anasonyeza zimenezi ndi galasi la ngodya zitatu, nazilemba mu 1672. Nsalu ioneka yofiira chifukwa imeza mitundu ina ndi kubweza wofiira. Chimodzimodzi sefa yofiira ilola kuwala kofiira kudutsa, nitsekereza kotsalako.

Mankhwala a siliva a pa mbale zoyamba anali kumva kuwala kwa buluu kokha, pamodzi ndi kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kumene kukhala kunja kwa utawaleza ku mbali ya buluu. Pa kuwala kobiriwira, kwachikasu ndi kofiira mbale inali ngati yakhungu. Chifukwa chake thambo, limene ladzala ndi buluu, linali kutuluka loyera lonse, lopanda mtambo ngakhale umodzi. Nsalu yofiira kapena yachikasu inali kutuluka yakuda. Masamba a mitengo anali kutuluka akuda. Munthu wa thupi lodera, limene libweza kuwala kofiira koposa kwa buluu, anali kutuluka wakuda kuposa mmene analiri, ndipo mizere ya nkhope yake inali kubisika.

Gustave Le Gray wa ku France anapeza nzeru yozembera vutoli. M'zaka za 1856 ndi 1857 anajambula nyanja ya mchere, ndipo pa zithunzi zina anagwiritsa ntchito mbale ziwiri: imodzi ya madzi, ina ya thambo, iliyonse ndi muyeso wake wa kuwala. Kenaka anazisindikiza pa pepala limodzi. Anthu a mu London ndi mu Paris anazizwa poona mafunde ndi mitambo pa chithunzi chimodzi. Komabe njira imeneyi inali ya ntchito yambiri, ndipo mbale inali ikadali yakhungu.

Mu 1861 James Clerk Maxwell, katswiri wa ku Scotland, anafuna kusonyeza kuti mitundu yonse ingapangidwe posakaniza itatu yokha: wofiira, wobiriwira ndi wa buluu. Anapempha wojambula Thomas Sutton kuti ajambule kansalu ka mizere ya mitundu-mitundu, kamodzi pa sefa ya buluu, kamodzi pa yobiriwira, kamodzi pa yofiira. Sefa zimenezi zinali madzi a mitundu othiridwa m'ziwiya za galasi. Pa sefa ya buluu masekondi ochepa anakwanira, koma pa zinazo Sutton anadikira mphindi zambiri. Pa 17 May 1861, ku Royal Institution mu London, zithunzi zitatuzo zinawalitsidwa pamalo amodzi, chirichonse kudzera m'sefa yake, ndipo mitundu ya kansalu inaoneka, ngakhale mozilala.

Patapita zaka 100, mu 1961, akatswiri a kampani ya Kodak anabwereza ntchitoyi, napeza chinthu chodabwitsa. Mbale ya Sutton sinaone kufiira nkomwe. Chimene inagwira pa sefa yofiira chinali kuwala kosaoneka kuja, kumene utoto wofiira wa kansaluko unabweza ndipo sefayo inakulola kudutsa. Apa pali phunziro loyamba la mbiri yathu: kukula kwa ngongole ya sefa kudalira zinthu ziwiri, sefayo ndi mbale imene iri kumbuyo kwake. Sefa ikatsekereza mtundu umene mbale iumva, nilowetsa umene mbale siumva, munthu angadikire tsiku lonse osapeza kanthu.

4. Mbale Iyamba Kuona Mitundu

Mu 1873 Hermann Wilhelm Vogel, mphunzitsi wa za kujambula mu Berlin, ku Germany, anali kuyesa mbale zouma zochokera ku England, ndipo anadabwa poona kuti zinali kumva kuwala kobiriwira. Atafufuza anapeza kuti opanga mbalezo anathiramo utoto pang'ono pa chifukwa china. Iye anayesa mitundu ina ya utoto, naona kuti utoto woyenera uthandiza siliva kumva mtundu wa kuwala umene utotowo umeza. Pofika m'zaka za m'ma 1880, m'masitolo munali mbale zomva kuwala kobiriwira ndi kwachikasu.

Ngakhale zinali choncho, mphamvu yaikulu ya mbale zatsopanozi inali ikadali pa buluu. Buluu anali ngati munthu wa mau akulu pa bwalo, amene akayamba kulankhula ena samvekanso. Pamenepo ojambula anayamba kuika sefa yachikasu patsogolo pa diso la kamera, pakuti galasi lachikasu limeza buluu ndi kulola mitundu inayo. Thambo linayamba kutuluka lotuwa, mitambo yoyera nioneka bwino pamenepo, ndipo masamba analeka kuda. Koma walira mvula walira matope. Pochotsa buluu, sefa inachotsa gawo lalikulu la kuwala kumene mbale inali kudalira, ndipo munthu wosawonjezera nthawi anali kubwerera kunyumba ndi mbale yopanda chithunzi. Mbale zinali za ndalama zambiri ndiponso zolemera kunyamula, kotero kuti kulakwitsa kumodzi kunali kutaya ndalama pamodzi ndi ulendo.

Mu 1906 kampani ya Wratten and Wainwright ya ku Croydon, pafupi ndi London, inayamba kugulitsa mbale zomva mitundu yonse, ndi wofiira womwe. Mnyamata wophunzira za mankhwala, dzina lake Kenneth Mees, ndiye anatsogolera ntchitoyi. Kampaniyi inapanganso sefa za mitundu yambiri, niipatsa iliyonse nambala yake. Mu 1912 George Eastman, mwini wa Kodak, anaigula kampaniyi, ndipo Mees anapita ku Rochester, ku America. Manambala a Wratten agwiritsidwabe ntchito mpaka lero: 8 ndi sefa yachikasu, 25 ndi yofiira, ndipo 29 ndi yofiira kwambiri.

5. Kuyesa M'malo mwa Kupenekera

Kwa zaka pafupifupi 50 wojambula anali kungopenekera. Anali kuyang'ana kumwamba, nakumbukira zimene anachita tsiku lina, nawerenga masekondi m'mutu. Mbale zouma zopangidwa m'fakitale, zimene chiyambi chake chinali ntchito ya dotolo Richard Leach Maddox mu 1871, zinakulitsa vutoli, pakuti zinali zofulumira kwambiri, ndipo mbale za kampani ina sizinali kufanana mphamvu ndi za kampani inzake.

Anthu awiri ogwira ntchito pa fakitale ya mankhwala ku Widnes, pafupi ndi Liverpool, anatopa ndi kupenekeraku. Maina ao anali Ferdinand Hurter, wobadwira ku Switzerland, ndi Vero Charles Driffield. Iwo anali kuwalitsa kandulo pa zigawo za mbale, chigawo chirichonse nthawi yake yodziwika, kenaka nayesa kuda kwa chigawo chirichonse. Mu 1890 anafalitsa zimene anapeza, ndipo kuchokera pa ntchito yao kunatheka kupatsa mbale nambala yosonyeza mphamvu yake. Chaka chomwecho Alfred Watkins wa ku Hereford anapanga kachipangizo koyesera kuwala kwa tsikulo. M'kati mwake munali kapepala ka mankhwala kamene kanali kuda pa dzuwa. Munthu anali kuwerenga masekondi mpaka kapepalako katafanana ndi mtundu wopakidwa pambali pake, ndipo kuchokera pa masekondiwo anali kudziwa bowo ndi nthawi yoyenera.

Mphamvu ya mbale itadziwika, ndi mphamvu ya dzuwa itadziwika, chotsala chinali sefa. Opanga sefa anayamba kulemba nambala ina yonena kuti kuwala kuchulukitsidwe kangati. Nambala imeneyi tingaitche ngongole ya sefa. Pa mbale yomva mitundu yonse, masana, sefa yachikasu ikhala ndi ngongole ya 2, yofiira ya 8, ndipo yofiira kwambiri ya 16 kapena kuposapo. Pa mbale zosamva kufiira zija, sefa yachikasu yomweyo inali ndi ngongole yokulirapo. Ngongole isinthanso ndi mtundu wa kuwala: nyale ya m'nyumba iri ndi kufiira kochuluka kuposa dzuwa la masana, motero pa nyale sefa yofiira ichotsa zochepa.

6. Mmene Ngongole Ibwezedwera

Pa diso la kamera palembedwa manambala awa: 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, 22. Manambala amenewa asonyeza kukula kwa bowo, ndipo owerenga asamale pano, pakuti nambala yaikulu isonyeza bowo laling'ono. Kuchoka pa nambala ina kupita pa yotsatana nayo ndi sitepe imodzi. Sitepe imodzi yonka ku nambala yaikulu idula kuwala pakati, ndipo sitepe imodzi yonka ku nambala yaing'ono ikuchulukitsa kawiri. Nthawi ya chitseko nayo iri ndi masitepe ake: 1/250, 1/125, 1/60, 1/30, 1/15, kunena magawo a sekondi imodzi, ndipo sitepe iliyonse iwonjezera nthawi kawiri.

Motero ngongole ya 2 ibwezedwa ndi sitepe imodzi, ya 4 ndi masitepe awiri, ya 8 ndi atatu, ya 16 ndi anai. Tiyerekeze kuti popanda sefa muyeso woyenera ndi bowo la 11 ndi nthawi ya 1/125. Wojambula waika sefa yofiira ya ngongole ya 8, ndiye kuti masitepe atatu. Iye angabweze ndi bowo: kuchoka pa 11 kupita pa 8, pa 5.6, mpaka pa 4, nthawi osaisintha. Kapena angabweze ndi nthawi: kuchoka pa 1/125 kupita pa 1/60, pa 1/30, mpaka pa 1/15, bowo osalisintha. Angathenso kugawa, sitepe imodzi pa bowo ndi awiri pa nthawi. Akasanjikiza sefa ziwiri, ngongole zao sizionkhetsedwa koma zichulukitsidwa: ya 2 ndi ya 4 zipanga 8, pakuti sefa yachiwiri isefa zimene yoyamba yasiya.

Njira iliyonse yobwezera iri ndi mtengo wake. Bowo likakula, chinthu chimene kamera yalunjika chioneka bwino, koma za patsogolo ndi za kumbuyo kwake zioneka mwa chimbuuzi. Nthawi ikatalika, zonse za pafupi ndi za kutali zioneka bwino, koma chinthu choyenda chisiya mkwasa, ndipo dzanja likanjenjemera chithunzi chonse chionongeka. Chifukwa chake kamera iikidwa pa miyendo itatu. Wojambula mwana wothamanga abweza ndi bowo. Wojambula phiri abweza ndi nthawi, pakuti phiri silithawa.

7. Amuna Awiri ndi Sefa Zao

Pakati pa 1909 ndi 1915 Sergei Prokudin-Gorsky anayendera dziko la Russia kujambula anthu, matchalitchi, mitsinje ndi mafakitale mwa njira ya Maxwell, koma tsopano ndi mbale zoona mitundu yonse. Mfumu Nicholas II inampatsa ngolo ya sitima ya pamtunda yokhala ndi chipinda cha mdima. Kamera yake inali kujambula katatu motsatizana pa mbale imodzi yaitali, pa sefa zitatu zija. Muyeso wa sefa iliyonse unayenera kukhala woyenera, pakuti umodzi ukalakwika, chithunzi chonse chinali kupendekera ku mtundu umodzi. Anthu anayenera kukhala chete kufikira kachitatu, ndipo pamene mwana anagwedeza mutu, kapena madzi anayenda, pa chithunzi pali timizere ta mitundu ya utawaleza. Mu 1911 anajambula Alim Khan, mfumu yotsiriza ya Bukhara, itavala mkanjo wa buluu wa maluwa. Prokudin-Gorsky anachoka ku Russia mu 1918, namwalira ku Paris mu 1944. Mu 1948 Library of Congress ya ku America inagula mbale zake pafupifupi 1,900, ndipo chifukwa cha kusamala kwake pa muyeso anthu a lero aona mitundu ya dziko limene linasinthiratu.

Wachiwiri ndi Ansel Adams wa ku America. Mu April 1927, ali ndi zaka 25, anakwera mapiri a Yosemite, ku California, atasenza kamera yaikulu ndi mbale za galasi 12. Pofika pamalo poyang'anana ndi thanthwe lalikulu lotchedwa Half Dome, anali atatsala ndi mbale ziwiri zokha. Yoyamba anaijambula ndi sefa yachikasu, monga mwa mwambo wa ojambula. Atangotseka chitseko anazindikira kuti chithunzicho chidzatuluka ndi thambo lotuwa, chosasonyeza kuopsa kwa thanthwelo monga iye anali kukumvera mumtima. Pamenepo anatenga sefa yofiira kwambiri, ya nambala 29, nachulukitsa muyeso ka 16. Bowo analisiya laling'ono, pa 22, kuti zonse zioneke bwino, ndipo ngongole anaibweza ndi nthawi: masekondi 5, pamene popanda sefa gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi likadakwanira. Thambo linatuluka lakuda, thanthwe litaima pakati ndi chipale choyera m'mbali mwake, ndipo chithunzichi chinatchukitsa dzina lake. Akadalakwitsa masamu pa mbale yotsirizayo, sakadakhala ndi ina yoyeserapo.

Amuna awiriwa asonyeza ntchito ziwiri za sefa. Woyamba anaigwiritsa ntchito kuti asunge mitundu monga inaliri. Wachiwiri anaigwiritsa ntchito kuti aonetse anthu chimene iye anamva. Onse awiri anapambana chifukwa anadziwa kuwerengera.

8. Makina Ayamba Kuwerengera Okha

Mu 1932 kampani ya Weston ya ku America inayamba kugulitsa choyesera kuwala cha magetsi. Kuwala kukagwa pa kachitsulo ka m'kati mwake, kasingano kanali kuyenda ndi kuloza nambala, ndipo kuwerenga masekondi a kapepala kunayamba kuiwalika. Komabe choyeserachi chinali m'dzanja, kunja kwa kamera, chosadziwa za sefa, motero ngongole inali kuwerengedwabe m'mutu. Mu 1963 ku Japan kunatuluka kamera ya Topcon RE Super, imene inali kuyesa kuwala kumene kwadutsa kale m'diso la kamera. Popeza kuwalako kwadutsanso m'sefa, kamera inali kuona ngongole yokha. Ngakhale tero, pa sefa zofiira kwambiri choyeseracho nthawi zina chinali kunyengeka, ndipo ojambula osamala anapitiriza kukumbukira manambala ao.

Kamera ya lero, ndi ya m'lamya yomwe, iribe mbale kapena filimu, koma sefa irimo ndithu. Mu 1976 Bryce Bayer wa ku Kodak analandira chikalata cha boma chotsimikiza luso lake la tisefa ting'onoting'ono toyalidwa pa kachipangizo kolandira kuwala ngati mkeka wa mawanga: theka tobiriwira, gawo limodzi mwa anai tofiira, gawo lina ta buluu. Imeneyi ndi mitundu itatu ya Maxwell yomwe ija. Ntchito ya sefa yachikasu ndi yofiira tsopano ingachitike pa kompyuta chithunzi chitajambulidwa kale. Koma sefa ziwiri zikadali m'matumba a ojambula. Yoyamba ndi yochotsa kunyezimira kwa madzi ndi kwa magalasi, imene inafala chifukwa cha ntchito ya Edwin Land, woyambitsa kampani ya Polaroid mu 1937. Ngongole yake iri pakati pa sitepe imodzi ndi masitepe awiri. Yachiwiri ndi yotuwa, yochepetsa mitundu yonse mofanana. Ina mwa zimenezi ichotsa masitepe 10, kunena kuti nthawi ichuluka pafupifupi ka 1,000, ndipo wojambula aiika dala kuti madzi a mathithi aoneke ngati thonje, kapena kuti anthu oyenda asowe pa mseu. Chimene chinachitikira Daguerre mu 1838 chifukwa cha kufooka kwa mbale, lero munthu achita kuchilipira ndalama.

Owerenga akatenga chithunzi chakale cha makolo, m'buku la mbiri kapena m'nyumba yosungiramo zakale, achiyang'ane ndi nzeru imeneyi. Thambo loyera silitanthauza kuti tsikulo kunalibe mitambo. Nsalu yakuda mwina inali yofiira. Nkhope yakuda kwambiri mwina inali yodera, ndipo nkhope yosasekerera mwina inali ya munthu wouzidwa kuti asagwedezeke. Chithunzi ndi mboni, koma mboni imene inaona zina nkulephera kuona zina, ndipo woweruza wabwino afunsa kumene mboniyo inaima ndi mmene maso ake analiri.

Ndipo amene aphunzira kuwerenga ndi kuchita masamu atakula kale alimbike mtima poona kuti luso lalikulu lotere liima pa kuchulukitsa kawiri ndi kudula pakati. Mutu umodzi susenza denga: Mfalansa anatchera kuwala, Mjeremani anatsegula maso a mbale, a ku England anayesa, a ku America ndi a ku Japan anaika muyesowo m'makina. Lamulo limene onsewa analipeza silinasinthe kuchokera pa mbale ya phula kufikira pa lamya ya m'manja: kuwala kumene sefa yachotsa kubwezedwe, kaya ndi bowo, kaya ndi nthawi.